Mazenera a aluminiyamu m'malo mwa achitsulo akale: katundu wabwino, koma yang'anani manja a woika

Ku Kanjedza, Nkolokosa, Chinyonga ndi Soche East, nyumba zambiri zomangidwa kalekale zikuvula mafelemu achitsulo ndi ma louvre n'kuvala mazenera a aluminiyamu, aja otsegula mokankhira cham'mbali omwe aliyense amangowatchula kuti ma sliding. Timashopu topanga mazenerawa tachuluka ku Limbe ndi mu Blantyre, ndipo malonjezo ake ndi amodzimodzi: tibwera kudzayeza, tipanga, tichotsa akalewo, tiika atsopano. Ndemanga ino ndi ya katunduyo pamodzi ndi ntchito yoika, chifukwa pa zenera ziwirizi sizilekanitsika. Chigamulo tinenerethu: zenera la sliding lopangidwa bwino ndi loyenera ndalama zake pabalaza ndi kuchipinda chogona. Koma madandaulo ambiri omwe amamveka mvula ikayamba mu Disembala amabadwa tsiku lochotsa ndi tsiku loika, pomwe mwini nyumba amakhala ali kuntchito n'kusiyira anyamata awiri, nyundo ndi chubu cha silikoni.

Musanaitane aliyense, yesani kaye felemu yakaleyo ndi sikuludiraiva. Felemu yachitsulo imayamba kufa m'munsi, pomwe putty, phala lija logwira galasi pa felemu, wang'ambika ndipo madzi amakhalira pakati pa galasi ndi chitsulo. Bayani pamenepo ndi m'makona. Ngati dzimbiri likungosendeka pamwamba, mkati chitsulo chili gwa, felemuyo sinathe. Bulashi ya waya, penti woteteza ku dzimbiri wa red oxide, penti wa gloss kawiri, putty watsopano ndi mahandulo atsopano, basi, zeneralo lipita zaka zina zambiri. Koma ngati sikuludiraiva ikulowa, kapena magalasi akungosweka okha popanda wowagenda, felemuyo yatha. Dzimbiri limafuna malo ambiri kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye likamafufuma limafinya galasi ndi kung'amba pulasitala. Mazenera amatabwa a nyumba za ku Sunnyside ndi Mandala ndi nkhani ina. Ngati ndi a mlombwa, mbawa kapena mkungudza, kawirikawiri chowola ndi thabwa la pansi lokha, ndipo kalipentala wodziwa ntchito amalidula n'kulumikiza lina. Matabwa otere simudzawapezanso mosavuta. A paini odyedwa ndi chiswe okhawo ndiwo osawamvera chisoni.

Zabwino za aluminiyamu n'zoona ndithu. Sachita dzimbiri ngati chitsulo, safuna penti, chiswe sichimudya. Zenera la sliding silimenyeka ndi mphepo, silitchinga njira pakhonde, ndipo mwana wothamanga kuseri kwa nyumba sadziguguda pa ngodya yake. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limachepa m'nyumba kuyerekeza ndi ma louvre, omwe ngakhale atatsekedwa amasiya mipata. Chipinda chimawala chifukwa timagalasi 8 kapena 12 tokhala ndi zitsulo pakati tasanduka magalasi awiri aakulu. Komanso wakuba sangasolole galasi limodzilimodzi mwakachetechete monga achitira ndi ma louvre.

Chomwe ogulitsa sanena n'choti zenera la sliding la mbali ziwiri silitseguka kupitirira theka. Mbali imodzi imakabisala kuseri kwa inzake. Ma louvre amatseguka pafupifupi zenera lonse, ndiye amene wachotsa ma louvre m'nyumba ya malata yopanda siling'i n'kuika sliding ya kukula komweko, mu Okutobala amagona thukuta lili kamukamu n'kumadabwa chasintha n'chiyani. Ojambula mapulani amakonda muyezo woti mbali yotseguka ya mazenera isachepere 5 peresenti ya kukula kwa chipinda. Chipinda cha mamita 3 ndi 3.5 chifuna malo otseguka oposa theka la sikweya mita. Zenera la 1.2 ndi 1.2 la sliding limangokwanira movutikira, ndipo gozi waya wa udzudzu akaikidwa mpweya umachepanso. Kukhitchini ndi kubafa sliding yokha si yabwino. Kumeneko pemphani zenera lotsegukira kunja lolendewera pamwamba, lomwe amati top hung, chifukwa limatha kukhala lotsegula ngakhale kukugwa mvula yamawawa ya chiperoni. Pabalaza, kazenera ka top hung pamwamba pa sliding kamathetsa vuto lonseli, ndipo kamatulutsa mpweya wotentha womwe umakhala m'mwamba.

Tsopano katundu weniweniyo. Mazenera awiri akhoza kufanana pa chithunzi cha pa WhatsApp, koma lina n'kukhala la aluminiyamu wa 0.8mm, lina wa 1.2mm kapena 1.4mm. Kusiyana kwake kumadziwika pakatha miyezi. Wopyapyala amapindika screw ikamangidwa, njanji yomwe zenera limayendamo imaphwatalala, ma screw a loko amaguluka chifukwa alibe pogwira, ndipo zenera lalitali limanjenjemera pakati mphepo ikawomba. Musatsike pansi pa 1.2mm, ndipo pa zenera lopitirira mamita 1.5 kutalika kapena pa nyumba ya m'phiri monga ku Mpingwe, Soche ndi mtunda wa Ndirande, funani wochindikala kuposa pamenepo. Musamvere zonena. Pitani ku shopu, tolani kachidutswa kotsala pa macheka, muyezetse ndi vernier, kachida koyezera kuchindikala, pamaso panu, mukasunge m'thumba kuti mudzafanizire tsiku lomwe mazenera adzafike. Shopu yokana zimenezi yakuuzani kale mtundu wa aluminiyamu wake.

Muli ku shopu komweko yang'anani zenera lomwe atsiriza kupanga. Makona akumane bwino popanda mpata wolowa chikhadabo, ndipo mkati mwa kona mukhale mopakidwa silikoni asanamange, chifukwa makona a njanji ya pansi ndi malo oyamba kudontha. Timatayala ta pansi tikhale ta nayiloni tokhala ndi bearing, ndipo tikhale totheka kukweza kapena kutsitsa ndi screw. Totchipa ta pulasitiki wamba timaphwa mbali imodzi, zenera n'kuyamba kukwekwesa njanji ndi kufuna manja awiri. Kaubweya komwe kamakhala m'mphepete, kotchinga fumbi ndi mphepo, kazungulire mbali zonse mpaka pomwe magalasi awiri amakumana pakati. Galasi ligwidwe ndi labala yofewa kuzungulira. Ena amangothira silikoni madonthomadontho m'makona n'kusiya galasi likugogoda pa aluminiyamu. Ligogodeni ndi chala: likamalira, lakanidwa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene mashopu ambiri amaiwala. Mbali yosuntha ya sliding imalowa pa njanji mochita kuinyamula, ndipo imachokanso chimodzimodzi. Ngati m'njanji ya pamwamba simunaikidwe kotchinga kuti isanyamuke, munthu ali panja atha kuikweza ndi chitsulo n'kuichotsa yonse loko ali chikhomere. Kachidutswa ka pulasitiki kapena screw yomangidwa m'njanji ya pamwamba kamakwanira. Nenani za kanthu kameneka musanalipire.

Pa galasi, 4mm ndi yokwanira pa mazenera ang'onoang'ono, 5mm pa apakati, ndipo 3mm isiyireni mafelemu a zithunzi. Galasi limalemera makilogalamu 2.5 pa sikweya mita pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwake, ndiye la 5mm ndi makilogalamu 12.5, la 6mm ndi 15. N'chifukwa chake kuchindikalitsa galasi osasintha timatayala n'kudzipalira vuto. Zenera lofika pansi pomwe ana amasewera, kapena chitseko cha sliding, pafunika laminated ya 6.38mm, yomwe ndi magalasi awiri a 3mm omatidwa ndi pulasitiki pakati. Likasweka zidutswa sizigwa, komanso limachepetsako phokoso kwa okhala m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway kapena msewu wa ku Chileka. Galasi la toughened, lolimbitsidwa ndi moto ku fakitale, ndi lolimba, koma silidulidwanso likapangidwa, ndiye muyezo ukalakwika latayika. Magalasi akuda kapena onyezimira ngati kalilole ndiwo ali m'fasho. Masana amakubisani, inde. Usiku mukayatsa magetsi zimatembenuka: wa panja amakuonani bwinobwino, inu mukudziona nokha. Makatani adzafunikabe, ndipo mu Juni ndi Julayi chipindacho chimakhala chamdima tsiku lonse. Galasi lakuda likhale ku mazenera oyang'ana kumadzulo okha, komwe dzuwa la madzulo limaotcha.

Za magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati, zomwe anthu amaona m'nyumba za ku London, kuno sizibweza ndalama zake. Kuzizira kwathu ndi kwa miyezi iwiri, ndipo phokoso pa sliding limalowera kwambiri m'mipata kuposa m'galasi.

Pochotsa mafelemu akale ndi pomwe ntchito zambiri zimayambira kuonongeka. Felemu yachitsulo siinangoikidwa pabowo. Ili ndi timanja tachitsulo tomwe tinamangidwira m'mizere ya njerwa pomanga khoma, kawirikawiri tiwiri kapena titatu mbali iliyonse. Anyamata achangu amalowetsa chitsulo pakati pa felemu ndi khoma n'kumakanula. Timanja tija timatuluka ndi njerwa, pulasitala amang'ambika mpaka pa ngodya ya chipinda, ndipo ngati nyumbayo inamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, monga zilili nyumba zambiri za ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, khoma limagwedezeka lonse. Njira yake ndi iyi. Magalasi achotsedwe kaye, limodzilimodzi. Mbali zotseguka zidulidwe pa mahinjesi. Kenako gilayinda idule zitsulo zapakati, idulenso felemu pakatikati pa mbali iliyonse, ndipo zidutswazo zipindidwire mkati mwa bowo, kutali ndi khoma. Pomwe pali kadzanja, tchizulo ibowole pang'ono pozungulira, kapena kadulidwe pomwepo n'kusiyidwa mkati ngati sikanadyeke ndi dzimbiri. Asanadule pulasitala, alembe mzere ndi gilayinda mozungulira bowo kuti mng'alu usapitirire pamenepo. Zimatenga nthawi yowirikiza, koma kuthamanga sikufika.

Asanadule chitsulo choyamba, wina ayang'ane pamwamba pa zenera. Pali lintala, mtanda wa konkire wosenza njerwa za pamwamba pa bowo? Nyumba zina zakale, makamaka zipinda zoonjezera ndi ma boys' quarter, njerwa za pamwamba zinangokhazikidwa pa felemu yachitsuloyo, mwina ndi waya pang'ono. Felemu yachitsulo imapirira katundu wotere kwa zaka. Ya aluminiyamu siinapangidwire kusenza chilichonse. Mukaiika pansi pa njerwa zopanda lintala, njanji ya pamwamba imatsika, zenera limakanirira, kenako galasi limasweka. Gogomolani pulasitala pang'ono pa kona ya pamwamba muone. Ngati palibe konkire, njerwazo zichirikizidwe ndi mitengo, iikidwe lintala yolowa m'khoma mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse, ndipo ntchito imeneyi ndi ya bilidala, osati ya wa aluminiyamu. Kukulitsa zenera nakonso kumafuna lintala yatsopano yaitali, ndipo popeza n'kusintha mamangidwe a nyumba, yambani mwafunsa ku khonsolo ya mzinda. Okhala m'nyumba za lendi, kaya za Malawi Housing Corporation kaya za munthu, chilolezo cha mwini nyumba chikhale cholembedwa, apo ayi mudzasiya mazenera anu pochoka popanda wokubwezerani kanthu.

Penti wakale wa pa mafelemu atha kukhala ndi mtovu. Odula avale zotchinga kukamwa ndi m'maso, ana asakhale pafupi, ndipo fumbi likolopedwe ndi madzi osati kusesedwa. Gilayinda imafuna magetsi, choncho funsani ngati ali ndi jenereta. Magetsi kuzima felemu itadulidwa theka ndiye kuti mugona ndi bowo.

Mkangano waukulu pa ntchito imeneyi ndi wa nthawi yoyeza. Mashopu ambiri amayeza felemu yakale ikadali pakhoma, amakapanga mazenera, tsiku lomwelo n'kuchotsa akale ndi kuika atsopano pa njerwa zogumukagumuka, kenako bilidala n'kudzamata. Mwini nyumba amakondwa chifukwa nyumba siinagone pambalambanda. Koma njira imeneyi ili ndi mavuto awiri. Loyamba, bowo lenileni silidziwika mpaka felemu itachoka, ndiye pamatsala mipata ya zala ziwiri yomwe amadzaza ndi mapepala a simenti ndi silikoni. Lachiwiri, matope a simenti amadya aluminiyamu. Akagwera pa felemu n'kuumirapo amasiya zipsera zosachoka, ndipo felemu yokwiriridwa m'pulasitala simungadzaichotsenso osagumula khoma.

Njira yabwino ndi yosiyana ndi imeneyo. Chotsani akale, bilidala akonze bowo ndi kulipulasitala mbali zonse 4 ndi levulo ndi sikweya, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 4 kapena 5 ya mchenga wosefa. Pulasitala athiridwe madzi masiku 7. Zikatero wa aluminiyamu abwere kudzayeza. Nyumba siikhala pambalambanda ngati ma burglar bar amangidwa pamodzi ndi pulasitalayo, ndipo bowo latchingidwa ndi malata kapena pulaiwudi, zipinda ziwiriziwiri osati nyumba yonse nthawi imodzi. Walira mvula walira matope: sabata ziwiri za fumbi ndi makatani opachika pa misomali n'zosapeweka. Nthawi yake ndi pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, chiperoni chitapita, mvula isanabwere.

Woyeza weniweni amadziwika ndi kuchuluka kwa manambala omwe walemba. M'lifupi amayeza malo 3, pamwamba, pakati ndi pansi. M'litali malo 3. Amatenga nambala yaing'ono n'kuchotsapo 10mm, kuti patsale mpata wa 5mm mbali iliyonse. Amayezanso modutsa kuchokera kona ina kufika kona inzake mbali zonse ziwiri, ndipo zikasiyana kupitirira 5mm bowolo ndi lokhota, likonzedwe. Amalemba mu mamilimita, zenera lililonse palokha ndi dzina la chipinda chake. Amene wayeza zenera limodzi n'kunena kuti enawo ndi ofanana, onse ndi a 4 fiti, mubwezeni. Mpata wa 5mm uja si wongofewetsa ntchito. Aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Felemu yakuda ya mamita 2 pa dzuwa la Okutobala imatha kutalika ndi pafupifupi 2mm poyerekeza ndi m'mawa wa Julayi, ndipo yothinitsidwa pakhoma imapindika kapena kumalira thethethe madzulo.

Pa window sill, pansi pa bowo pomwe zenera limakhala, ndi pomwe pali moyo wa khoma. Mbali ya kunja ipendekere kunja, kutsika ndi pafupifupi 15mm, ituluke kupitirira khoma, ndipo kunsi kwake kukhale kamzere kogoba kuti madzi adonthere pansi m'malo motsata khoma. Pomwe felemu ikhale pakhale pa levulo. Bilidala waulesi amapanga sill yafulati, ena mpaka yopendekera mkati, ndipo pakatha mvula imodzi penti wa pansi pa zenera amatupa, mkati mwa chipinda n'kumera nkhungu yakuda kuseri kwa sofa.

Poika, felemu ikhazikidwe pa timapakala ta pulasitiki, osati timitengo tomwe timawola kapena kudyedwa ndi chiswe. Levulo iyende pansi ndi m'mbali, makona ayezedwenso modutsa, kenako abowole. Screw yoyamba ikhale 150mm kuchokera pa kona, zotsatira zisatalikirane kupitirira 600mm. Zenera la mamita 1.2 kutalika lifunika ma screw 3 mbali iliyonse, osati awiri. Akhale aatali mokwanira kupyola pulasitala n'kulowa m'njerwa pafupifupi 50mm, ndi ma plug ake, timapulasitiki togwira screw m'khoma, ndipo akhale a stainless. Ma screw akuda a siling'i bodi, omwe anyamata amakonda chifukwa ndi otchipa, amachita dzimbiri chaka chomwecho, amadetsa felemu, ndipo pomwe chitsulo chonyowa chakhudzana ndi aluminiyamu pamayamba kudyeka. Misomali ya konkire ikaoneka m'manja mwa woika, imitsani ntchito. Kumangitsa kwambiri nakonso n'kulakwa: screw imakokera felemu kukhoma, mbali imapindika ngati uta, loko n'kulephera kukumana ndi pokolera pake. Kuseri kwa screw iliyonse kukhale kapakala.

Njanji ya pansi ndi ngalande. Izi n'zimene eni nyumba ambiri, ngakhale oika ena, sadziwa. Zenera la sliding silinapangidwe kuti madzi asalowe m'njanji. Amalowa ndithu, otsetsereka pa galasi, ndipo amayenera kutulukira kunja kudzera m'timabowo tating'ono ta kumaso kwa njanjiyo. Tikhale tosachepera tiwiri, chakumapeto kulikonse, ndi kachitatu pakati ngati zenera ndi lalikulu. Zolakwika zake ndi zinayi ndipo zimabwerezeka nyumba ndi nyumba: timabowo sitinabooledwe n'komwe, felemu yaikidwa chotembenuza timabowo n'kuyang'ana m'nyumba, woika watimata ndi silikoni poganiza kuti akutseka podontha, kapena wa matailosi ndi wa pulasitala watikwirira. Cholakwika china chapadera ndi screw yobooledwa pakati pa njanji popanda silikoni, yomwe imatsogolera madzi m'khoma mwachindunji. Ngati n'kotheka njanji ya pansi isabooledwe. Amene anali mu Blantyre mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, akudziwa mvula yogwa masiku angapo osapuma ikukankhidwa ndi mphepo. Pa mvula yotere njanji yosaya imasefukira mkati ngakhale timabowo tili bwino, ndiye ku mbali ya nyumba yomwe mvula imamenya sankhani njanji yokhala ndi mpanda wamkati wautali, kapena ikani top hung, yomwe mphepo ikamakankha imatsekeka kwambiri.

Silikoni ali mitundu iwiri, ndipo mphuno ndi imene imasiyanitsa. Wonunkha viniga ndi wa magalasi ndi matailosi. Pa pulasitala sagwira bwino, pakapita nthawi amasendeka ngati chingwe. Pakati pa felemu ndi khoma pafunika wolembedwa neutral cure, wopakidwa pa khoma louma lopanda fumbi, kunja ndi mkati. Chubu cha 300ml chimayenda mamita pafupifupi 8 pa mpata wa 6mm. Zenera la 1.5 ndi 1.2 ndi mamita 5.4 kuzungulira, mbali imodzi yokha. Ndiye nyumba ya mazenera 10 ikaikidwa ndi machubu 3, masamuwo akukuuzani kuti penapake sipanapakidwe. Mpata wopitirira 10mm usadzazidwe ndi silikoni yekha, uyambe walowetsedwa kasiponji kozungulira.

Ma burglar bar ndi ndalama ina yomwe ambiri saiwerengera. Pa felemu yakale anali owotcherera pomwepo, ndipo amachoka nayo limodzi. Pa aluminiyamu sangawotchereredwe, ndipo omangidwa ndi ma rivet pa felemu ndi okongoletsa chabe. Akhale ndi felemu yawoyawo yachitsulo yolowa m'khoma, zitsulo za 12mm zotalikirana osapitirira 120mm, zopakidwa red oxide ndi penti zisanamangidwe. Kuwotcherera ndi kugaya konse kuthe galasi lisanafike, chifukwa nthethe za gilayinda zimalowerera m'galasi n'kusiya timadontho tomwe timachita dzimbiri, tosachoka ndi sopo aliyense. Siyani mpata woti dzanja lifike pa loko ndiponso kuti mbali yosuntha ithe kuchotsedwa podzasintha timatayala. Ambiri amazindikira izi galasi litasweka, atapeza kuti zitsulo zatsekera zenera mkati. Ndipo ku mbali ya zipinda zogona, zenera limodzi likhale ndi ma burglar bar otseguka ndi loko, kiyi ali pafupi pomwe aliyense wa m'nyumba akudziwa. Moto ukabuka pa kolido, njira ndi imeneyo.

Udzudzu nawo usaiwalike. Pemphani felemu ya njanji zitatu, yachitatuyo ya gozi waya, kuyambira pachiyambi. Kuonjezera pambuyo kumakhala kwa zigamba. Waya wofewa wa fibre amabooka ndi zala za ana ndi zikhadabo za mphaka, wa stainless ndi wokwera mtengo koma amakhalitsa. M'miyezi yozizira felemu ya aluminiyamu imachita thukuta m'mawa mkati mwa chipinda chogona anthu ambiri. Si kudontha kumeneko, ndi mpweya wa anthu womwe wagunda chitsulo chozizira, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula pang'ono. Musatseke ma air vent akale a pamwamba pa makoma poti mwaika mazenera amakono.

Mitengo sitiitchula chifukwa siikhalitsa. Aluminiyamu, magalasi, timatayala ndi maloko zimachokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira momwe makotesheni anafera m'manja mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Chofunika ndi zomwe zalembedwa pa kotesheniyo. Ambiri amawerengera pa sikweya mita, koma pepala lolembedwa mawu awiri ndi nambala imodzi yaikulu silikutetezani. Palembedwe muyezo wa zenera lililonse, kuchindikala kwa aluminiyamu, mtundu wake, mtundu ndi kuchindikala kwa galasi, gozi waya, masiku omwe mtengowo ugwire ntchito ndi tsiku lobweretsa. Palembedwenso wochotsa akale, wokonza pulasitala, wogula simenti, wotaya zinyalala ndi mwini wa mafelemu akalewo. Pa zimenezi ndi pomwe pamabuka mikangano, chifukwa wa aluminiyamu amati iye si bilidala, bilidala amati sanauzidwe, ndipo mafelemu akale amakwera lole n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo mwini wake asanabwere kuntchito. Mafelemu omwe akadali abwino ndi ma louvre osasweka ali ndi msika kwa omanga nyumba za lendi.

Dipoziti njosapeweka chifukwa shopu iyenera kugula katundu, koma isakhale ndalama yonse, ndipo ikadutsa pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki pamatsala umboni. Gawo lomaliza, ngakhale 10 peresenti, lidikire mayeso a madzi. Silikoni akauma, pakatha tsiku limodzi kapena awiri, wina aime panja ndi paipi kapena keni yothirira ndiwo zamasamba, wina mkati ndi pepala louma. Madzi ayambire pansi pa zenera kukwera m'mwamba pang'onopang'ono, mphindi zingapo pa zenera lililonse, kuti podontha padziwike. Kenako thirani kapu ya madzi m'njanji muone ngati akutulukira panja. Kankhani mbali iliyonse ndi chala chimodzi, iyende osalira. Itsekeni mpaka patsale kampata kakang'ono muone ngati kampatako ndi kofanana pamwamba ndi pansi, chifukwa kakasiyana ndiye kuti timatayala tifunika kukweza mbali imodzi. Khomani loko, muyese kunyamula ndi kugwedeza muli panja.

Pulasitiki yomata pa felemu ikhalepo mpaka opaka penti atamaliza, koma isapitirire sabata zochepa. Dzuwa la ku Blantyre limaiphikira pa aluminiyamu, ndipo kuichotsa pambuyo pake kumafuna lezala, yomwe imakala utoto. M'njanji musathire girizi kapena oilo wa galimoto, amasonkhanitsa fumbi n'kupanga phala lomwe limapha timatayala. Kabulashi ka mano kakale ndi madzi a sopo zimakwanira, ndipo chakumapeto kwa Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, pisani kawaya m'timabowo ta njanji chifukwa fumbi ndi mavu omanga ndi dothi amakonda kutseka momwemo.